Tsiku Limodzi pa Njinga ya Olumala

Ku koleji ya m'tauni mwathu muno, aliyense wophunzira ntchito yothandizira madokotala a mafizo amadziwa kuti m'chaka chachiwiri muli tsiku la njinga. Silibwera ndi phunziro la mafupa ndi minyewa ayi, limabwera ndi la saikoloje. Mphunzitsi wake, Mayi Halvorsen, amakubwereka njinga ya olumala m'mawa n'kukupatsa malamulo awiri: usaimirire pagulu, ndipo usauze munthu kuti ukungoyeserera. Ukatero ulowe m'tauni, ukagule zinthu, ukaone mmene anthu akuyang'anirire, mnzako mmodzi akukutsatira chapatali. Ine ndimati n'zachibwana, chifukwa sungadziwe ulumali ukudziwa kuti madzulo uimirira. Koma Mayi Halvorsen sanandifunsepo maganizo.

Tsiku la Tessa Pruitt linagwa pa Lachisanu. Lamlungu lake anali woti akaonekere koyamba kwa makolo a Emmett Sizemore, mnyamata wokonza magalimoto amene anali naye pa chibwenzi kuyambira m'chilimwe. Ndipo maere a womutsatira anagwera Brynn Caudill, yemwe anali bwenzi la Emmett yemweyo chaka chatha. Kalasi yonse inamva kukoma.

Ali m'galimoto ya Brynn, njinga itapindidwa kumbuyo, foni ya Tessa inalira. Unali uthenga wa Emmett.

"Amama akufunsa ngati umadya nyemba."

"Uwauze ndimadya chilichonse, bola asandifunse kuti ndinapita liti kutchalitchi."

"Akufunsa ndithu. Konzekera bodza labwino. Uli kuti?"

"M'kalasi," Tessa anayankha. Za njingazo sanamuuze. Bambo a Emmett anali pa njinga yeniyeni kuyambira pamene denga la mgodi wa malasha linawagwera, ndipo Tessa ankachita manyazi kunena kuti iye akukaseweretsa tsiku limodzi chimene iwo amakhalapo moyo wonse.

"Ndi ujeni ameneyo?" Brynn anafunsa maso ali kumsewu. "Amalembabe mauthenga ngati akulipira chilembo chilichonse?"

"Yendetsa galimoto, Brynn."

"Ndikuyendetsa, asisi. Tipite sitolo ya kutsidya kwa mlatho. Mashelefu ake ndi aatali, ukapezako zambiri zolemba."

Tessa ndi wa kuseri kwa phiri, tauni yathu sanaizolowere. Anangovomera.

* * *

Asanamalize ngakhale mzere wa ndiwo zamasamba, manja anali atayamba kale kuwotcha. Dengu analiika pamiyendo, likungotsetsereka. Bambo wina anamusisita paphewa n'kuti Mulungu amudalitse, ndipo mtsikana wokonza mashelefu anamulankhula mokuwa ngati njinga imatseka makutu. Brynn anali uko, akuwerenga mabotolo a mafuta a tsitsi.

Ufa wa chimanga unali pamwamba penipeni. Tessa anatambasula mkono, njinga inabwerera m'mbuyo. Pomwepo phazi la munthu linatchinga tayala, dzanja n'kukoka buleki mwachizolowezi.

"Usamatambasuke mabuleki ali otsegula, mwanawe. Ugwa chafufumimba."

Anali mayi wamfupi wa imvi, wa manja ngati a mwamuna. Anatsitsa ufawo, kenako anayang'ana njingayo kuyambira pansi mpaka pamwamba, osabisa kuipidwa.

"Anakupatsa ndani chigaleta chimenechi? N'chachikulu kwa iwe, mapewa ako atha. Taonetsa manjawo. Mayi anga ine! Magolovesi ulibe?"

Tessa asanapeze yankho, mayiwo anali atamukankhira kale pa benchi ya pafupi ndi pogulitsira mankhwala. Anatulutsa pulasitala m'chikwama n'kuyamba kumata matuza.

"Zinakuchitikira liti?"

"Sindikonda kuzikamba, mayi," Tessa anatero. Ndilo yankho limene Mayi Halvorsen amaloleza.

"Wachita bwino. Anthu amafunsa kuti akasimbe pa chakudya chamadzulo. Amuna anganso ali pa njinga, kuyambira mwana wathu adakali ku pulayimale. Uli naye wokusamalira?"

"Alipo."

"Uzimufunsako ngati watopa. Ine palibe anandifunsapo."

Apa m'pamene maphunziro anamulakwitsa Tessa. Teremu yonse Mayi Halvorsen anakhala akuwaphunzitsa kumvetsera: osadula mawu, osapereka malangizo, kungobwezera munthu mawu ake n'kukhala chete. Tessa ankakhoza zimenezi kuposa aliyense, moti zinangotuluka zokha.

"Mwatopa, mayi."

Mayi aja anasiya kumata. Anakhala pansi pa benchi ngati munthu amene watula mtolo.

"Ndatopa. Ndimawanyamula m'mawa, ndimawanyamula madzulo, usiku ndimadzuka kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Msana uwu unatha kalekale. Kutchalitchi amanditchula mngelo. Mngelo wa chiyani? Amabwera ndi mphika wa makaroni kamodzi pa chaka, basi akalowa nawo kumwamba."

"Simunauzepo munthu."

"Ndiuze ndani? Anthu oyenda amangoti pempherani. Iwe ukudziwa mmene zimakhalira m'nyumba zathuzi." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amuna anga si oipa. Ndi anthabwala, aliyense amawakonda. Koma ine ndinakwatiwa ndili mtsikana, ndadzidzimuka ndili nkhalamba, pakatipo sindikudziwa kuti ndinali kuti."

Tessa anakhala chete monga anaphunzirira. Anamva chisoni chenicheni, ndipo anawagwira dzanja.

"Mchemwali wanga ali ku Florida, wandisungira chipinda. Sutikesi ndinalongedza kale, ili kuseri kwa zotsukira m'nyumba komwe amuna safikako. Ndikungodikira chinthu chimodzi. Mwana wanga wapeza mtsikana wa ku koleji, wophunzira zonyamula odwala zomwezi. Akangokwatirana, m'nyumba mukhala mkazi wodziwa ntchito, ine ulendo. Sindidzabweranso. Ufa uwu ndagulanso wanga, mtsikanayo akubwera Lamlungu. Emmett wanga akuti amadya chilichonse."

Imeneyo ndiyo inali nthawi yoimirira n'kunena zoona, lamulo la Mayi Halvorsen likagwere uko. Koma uimirira bwanji pamaso pa munthu amene wangokumata matuza n'kukukhuthulira zakukhosi? Tessa anakhalabe pa njinga, ndipo mayiwo anamupsompsona pamphumi.

"Usadzandione ngati mfiti, mwanawe. Ugule magolovesi."

* * *

Brynn anadikira mpaka atawoloka mlatho, kenako anaphulika kuseka.

"Apongozi ako ndi okoma mtima, eti?"

"Unadziwa."

"Lachisanu lililonse, nthawi yomweyo. Ndinkawakankhira ngolo ine. Ndimangofuna ndione nkhope yako Lamlungu likadzadutsa, sindimadziwa kuti mpaka mulirirana. Amakuuza chiyani?"

"Za magolovesi."

"Magolovesi oliritsa munthu? Chabwino, sunga." Brynn anatsitsa wailesi. "Ndikuuze kanthu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndisanabwere ine kunali Shawna wa unesi. Kenako ine. Tsopano iwe. Kukoleji kwathu kuli atsikana okongola a zamakompyuta, ena a zophikaphika, koma Emmett maso ake amangogwera m'khonde lathu lokhalokha. Sunadabwepo?"

"Anakusiya, Brynn. Zimapweteka, ndikudziwa."

"Ndani anakuuza kuti anandisiya? Usandiyese zako za Mayi Halvorsen, tinakhala m'kalasi imodzi."

Tessa anayang'ana kunja. Brynn ndi wabodza, aliyense amadziwa, ndipo nsanje inali kumudya poyera. Koma wabodza akanena chimene iwe wamva kale ndi makutu ako, umasowa pomutsutsira.

* * *

Loweruka masana anamuimbira Emmett. Kumbuyo kunkamveka zitsulo za pagalaja.

"Emmett, unandikonda chiyani?"

"Funso la mayeso limeneli? Sindinawerenge."

"Yankha."

"Chabwino. Tsiku lija tayala lako linaphulika pafupi ndi galaja. Ndikubwera kudzakuthandiza, ndinakupeza watsitsa kale la sipeya wekha. Mmene unalinyamulira, mawondo wapinda, msana uli chilili, osabuula n'komwe. Ndinati ameneyu ndiye mkazi."

Nkhani imeneyi Tessa anali ataimvapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankaseka. Tsiku limenelo sanaseke.

"Ndikanakhala wa zamakompyuta?"

"Bwenzi ukuimbira foni anthu okoka magalimoto, ine osakuona. Watani kodi lero?"

"Mutu ukundipweteka. Mwina mawa ndisabwere."

"Iii, usatero. Adadi ametetsa tsitsi chifukwa cha iwe, avalanso shati ya kumaliro. Amama akupukuta mawindo amene sanapukutidwepo chibadwire ine. Imwa mankhwala, ndidzakutenga tikatuluka m'tchalitchi." Anatsitsa mawu, mwina anzake anali pafupi. "Ndakusowa, Tess."

Vuto linali pamenepo. Tessa ankamukonda Emmett, ndipo ankamukonda kwambiri. Ankakonda mmene amamverera injini atatseka maso, ndi mmene amamudikirira panja pa laibulale ndi khofi wozizira kale, osadandaula. Akanakhala wina, bwenzi atangotseka foni n'kuiwala. Anati abwera.

* * *

Nyumba ya a Sizemore ili kumapeto kwa msewu wafumbi, ndipo kutsogolo kwake kuli njira ya matabwa yokwerera njinga imene Emmett anakhoma ali mnyamata. Tessa anakwera njirayo ndi miyendo yake iwiri, atanyamula maluwa. Chitseko chinatsegulidwa ndi Mayi Lorene Sizemore.

Anamuyang'ana kumaso, kenako maso anatsika mpaka kumapazi, n'kukhala komweko. Pulasitala wawo anali akadali pa chikhatho cha Tessa.

"Amama, uyu ndi Tessa."

"Lowani," mayiwo anatero. "Chakudya chizizira."

Bambo Royce Sizemore anadzaza nyumba yonse ndi mawu. Anali munthu wa mapewa aakulu, tsitsi lometedwa bwino, ndipo anamugwira Tessa chanza ngati akudziwana kuyambira kale.

"Ndiye ndiwe amene wamuphunzitsa mwana wanga kusamba m'manja? Khala apa, pafupi ndi ine. Ameneyo umamuona tsiku lililonse."

Patebulo panali nkhuku yokazinga, nyemba, buledi wa chimanga ndi tiyi wozizira. Bambo Sizemore anapemphera mwachidule n'kuyamba mafunso. Za tchalitchi palibe anafunsa.

"Kukoleji kwanuko amakuphunzitsani chiyani? Kutipinda miyendo mpaka tilire?"

"Zimenezo ndi za chaka choyamba, bambo. Chaka chachiwiri timaphunzira kumwetulira uku mukulira."

Anaseka mpaka kumenya tebulo. "Ameneyu musamusiye! Ndinamva kuti amakukhazikaninso pa njinga tsiku lathunthu. Kamtsikana kaja, Brynn, kanandiuzapo. Iwe unakhalapo?"

"Inde, bambo. Dzana."

Emmett anaika foloko pansi. "Dzana? Unati uli m'kalasi."

"Ndinachita manyazi kukuuza."

"Manyazi a chiyani?" bambo aja anatero. "Bola iwe unayesako. Awa awiriwa sanakhalepo ngakhale mphindi imodzi. Anthu anakuchitira zotani?"

"Ena anandilankhula ngati mwana. Koma mayi wina anandithandiza kwambiri. Sindidzamuiwala."

Mayi Sizemore anaimirira n'kuyamba kusonkhanitsa mbale, ngakhale Emmett anali asanamalize.

"Tessa, tabwera undithandize kudula keke."

* * *

Anatseka chitseko cha kukhitchini n'kutsegula mpope kuti madzi aphimbe mawu.

"Ndinakulirira iwe," anatero. "Ndinapemphera usiku wonse kuti Mulungu akupatse munthu wabwino. Ukudziwa mmene ndikumvera?"

"Pepani, mayi. Sindinkadziwa kuti ndinu, mpaka munatchula dzina lake."

"Nditatchula, unaimirira?"

"Ayi."

"Ayi. Unakhala phee, n'kulandira kisi wanga." Anatenga mpeni n'kuyamba kudula keke, magawo ofanana bwinobwino. "Kukoleji amakupatsani malikisi angati mukaliritsa nkhalamba m'sitolo?"

Misozi ya Tessa inali pafupi, koma anadziwa kuti m'khitchini imeneyo alibe ufulu wolira.

"Sindiuza munthu, mayi. Ngakhale mu lipoti langa sindilembamo."

"Ndikudziwa kuti suuza. Madzi akatayika sawoleka, ndiye tiyeni tingolankhulana ngati akazi. Mwina zakhala bwino, sindivutikanso kudzionetsa mngelo pamaso pako." Anamuyang'ananso miyendo, ulendo uno mosafulumira. "Ndi yamphamvu. Royce ndi wolemera kumtundaku."

"Mayi, ine sindinabwere kudzafunsira ntchito."

"Nanenso sindinabwere kudzafunsira ntchito. Ndinabwera ndi maluwa ngati iwe."

"Pali anthu oyendera odwala m'nyumba. Pali malo amene angawasunge masiku angapo inu n'kupumako. Ndikhoza kukufufuzirani."

"Royce salola mlendo kumusambitsa, anathamangitsa atatu. Ndipo ine sindikufuna masiku angapo, ndinakuuza kale chimene ndikufuna." Anatseka mpope, kenako anautsegulanso. "Tamvera. Shawna anathawa. Brynn anathawa. Wachinayi sindimudikira. Iwe ukachoka, kapena ukatsegula pakamwa, ine ndinyamuka sabata yomwe ino, Emmett atsale yekha ndi bambo ake, galaja atseke. Ukakhala, ndidikira mpaka ukwati, ndikuonetse zonse mwadongosolo. Iweyo umamukonda, ndaona mmene umamuyang'anira."

"Emmett akudziwa?"

"Emmett amadziwa zimene akufuna kudziwa. Tenga mbalezo."

* * *

Atabwerera pabalaza anapeza tebulo litakankhidwira pambali. Bambo Sizemore anali atakonza kolala ya shati, akumwetulira ngati mwana amene wabisa chinthu kumbuyo. Emmett anali ataimirira pakati, manja akusowa powaika.

"Ika mbalezo pansi, Tess."

"Emmett, tingalankhule panja kaye?"

"Panja pali udzudzu," bambo aja anatero. "Mnyamatayu wakhala akuyeserera pagalasi sabata yonse. Musiye amalize asanakomoke."

Emmett anagwada. M'dzanja lake, lomwe mafuta a injini sanatheretu m'zikhadabo, munali mphete yaing'ono ya mwala wofiira.

"Mawondowo ndi ake, koma mpheteyo ndi ya amayi anga," Bambo Sizemore anawonjezera.

"Adadi, chonde." Emmett anayang'ananso Tessa. "Tessa, ine sindidziwa kulankhula. Ndimafuna ndidikire umalize sukulu, koma Amama anati chinthu chabwino sachedwa nacho, ndipo ndaona kuti akunena zoona. Ndimakukonda. Ukhale mkazi wanga."

Tessa anaona kuti sakunama. Koma munthu akhoza kukukonda ndi mtima wonse, n'kukhalanso kuti anakusankha poona mmene umanyamulira tayala. Anayang'ana kukhomo la kukhitchini. Mayi Sizemore anali ataima pamenepo, akupukuta manja ndi kansalu, nkhope ili bata ngati ali m'tchalitchi.

"Tess? Bondo layamba kupweteka kuno."

"Ndikavomera," Tessa anatero pang'onopang'ono, "tikakhala kuti?"

Emmett anadabwa, ngati wafunsidwa kuti dzuwa limatulukira kuti.

"Konkuno. Chipinda chachikulu chija, choyandikana ndi cha Adadi. Amama anapentamo kale mwezi watha. Akuti iwo asamukira kachipinda ka pafupi ndi khomo lotulukira." Anakweza mpheteyo pang'ono. "Ndiye ukuti bwanji?"